Ziphuphu zimamera pati? Zokambirana za pa gulu la alimi ndi amalonda a kum'mawa kwa Zambia

aMbewe, Kapata: Akuluakulu, chaka ndi chaka lipoti la Auditor General, wofufuza mabuku a ndalama za boma, limatuluka ndi nkhani zomwezomwe: katundu wolipiridwa koma osafika, impresti (ndalama zopatsidwa wantchito pa ulendo wa ntchito) yosabwezedwa, makontrakitala othawa ntchito ili pakati. Tadutsa UNIP, MMD, PF, tsopano UPND, koma lipotilo silisintha mawu. Muzu wake uli pati? Chonde tisakangane za zipani, tikambe mmene zinthuzi zimachitikira.

aJere, Feni: Yambani ndi mmene bomalo linamangidwira. Asilikali a Britain atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 n'kupha mwana wake Nsingo, boma lomwe linakhazikika ku Fort Jameson (Chipata ya lero) silinabwere kudzatumikira munthu wa kumudzi. Ntchito yake inali kutolera msonkho wa nyumba, kupeza amuna opita ku migodi ndi ku mafamu a kum'mwera, ndi kusungitsa bata. Malo achonde anapita kwa North Charterland Exploration Company, eni nthaka n'kupanikizidwa m'marizevu. Kuyambira 1929 mafumu anasandutsidwa Native Authority, ndiye mfumu inayamba kuyankha kwa DC, mkulu wa atsamunda pa boma, kuposa kwa anthu ake. Pakati panali mesenjala ndi kapaso, amene akafuna amakulemba kuti walipira, akafuna amakuiwala pa tsiku la chibalo. Anthu anatolapo zinthu ziwiri. Choyamba, chuma cha boma n'cha mlendo, kuchitapa si kuba kwenikweni. Chachiwiri, pa ofesi sulowa chifukwa uli ndi ufulu, umalowa chifukwa muli wokudziwa. Mu 1964 mipando inasintha eni, koma mphamvu zonse zinakhalabe pamwamba, zikutsika kuchokera ku Lusaka monga zinkatsikira kwa bwanamkubwa.

NaPhiri, Katete: AJere, mbiriyo ndi yoona, koma zaka zoposa 60 zapita. Botswana nayo inali pansi pa Britain, inalandira ufulu mu 1966 ili yosauka kuposa ife, koma lero siitchulidwa pa ziphuphu ngati ife. Mzungu sanalembe dzina la wakufa pa mndandanda wa feteleza.

aJere, Feni: Sindikuti mlandu ndi wa mzungu, amayi. Ndikuti tinalandira ofesi yosayankha kwa anthu, ndipo aliyense wokhalamo anaona kuti ikumukomera choncho.

aSakala, Lundazi: Ine ndiika chala pa nthawi ya pakati, imene ambiri amaidumpha. Pa ufulu dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 100 okha omaliza yunivesite. Patangopita zaka zinayi, ku Mulungushi mu 1968 boma linatenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, ndipo ku Matero mu 1969 linatenga 51 peresenti ya migodi. Makampani a boma anachuluka pansi pa INDECO ndi ZIMCO pamene owerengera ndalama odziwa ntchito anali owerengeka. Pofika 1973 kunali chipani chimodzi, wofunsa mafunso m'nyumba ya malamulo n'kusowa. Kenako mtengo wa kopa unagwa mu 1975.

Apa ndiye pali nkhani. Ndalama zitachepa, boma linapitiriza kuika mitengo yotsika pa ufa, shuga, sopo, mafuta ophikira ndi ndalama zakunja, koma katunduyo sanakwanire onse. Chinthu chimodzi chinakhala ndi mitengo iwiri, wa boma ndi wa kuseri. Amene wagwira kiyi wa nkhokwe kapena chidindo cha laisensi ndiye ankasankha wolandira, ndipo kusiyana kwa mitengo iwiriyo kunali malipiro ake. Manijala wa sitolo ya boma, kalaliki wa Namboard (bungwe la boma logula zokolola), wapampando wa nthambi ya chipani, onse anapeza kuti mzere wautali ndi chuma. Makuponi a ufa a 1989 anayenda njira yomweyo. Paliponse pamene pali chinthu chosakwanira, chotchipa mwa lamulo, ndi munthu mmodzi wosankha popanda womuona, ziphuphu zimabwera zokha, kaya munthuyo amapemphera kapena ayi.

NaPhiri, Katete: Zimenezo ndikuvomera, chifukwa FISP, ndondomeko ya boma ya feteleza ndi mbewu zotchipa, ndi momwemo ndendende. M'zaka zaposachedwapa mlimi ankaika K400, n'kulandira matumba asanu ndi limodzi a feteleza, atatu a D compound ndi atatu a urea, ndi mbewu ya makilo 10. M'sitolo thumba limodzi lokha lafikapo pa K1,000 m'zaka zapitazi. Ndiye dzina limodzi pa mndandanda ndi ndalama masauzande angapo, ndipo mayinawo ndi oposa pang'ono 1 miliyoni m'dziko lonse pamene alimi ndi ochuluka kuposa apo.

Onani pomwe zimakhotera. Mlimi amalembetsa kudzera mu kopaletivu, mayina amapita ku komiti ya kampu, alangizi a zaulimi amawalowetsa mu ZIAMIS (kaundula wa alimi wa pa kompyuta), ofesi ya DACO (mkulu wa zaulimi pa boma) n'kuvomereza. Pa sitepe yoyamba pamabadwa makopaletivu a nyengo, amene amadzuka mu Ogasiti n'kugona mu Januwale. Wapampando amatolera ma NRC, makadi a unzika, a okalamba, a ana asukulu amene angokwana zaka, ngakhale a anthu amene anamwalira koma khadi lawo likadali m'nyumba. Amawalipirira yekha K400, mwini khadi n'kumupatsa thumba limodzi kapena kandalama. Pa sitepe yachiwiri, mlangizi mmodzi amayang'anira alimi ochuluka kwambiri, njinga yamoto ilibe mafuta, ndiye sangaone munda uliwonse. Amasaina zimene wapatsidwa, ndipo wina akaona kuti palibe wobwera kudzafufuza amayamba kuwonjezerapo ake. Pa kopaletivu ina paketi imodzi amagawana anthu atatu, aliyense matumba awiri, zokolola n'kukhala zochepa kwa onse.

E-voucher, njira ya khadi lotengera zipangizo m'sitolo imene inayesedwa koyamba mu 2015, inachotsa wogawa pa shedi koma inabweretsa wogulitsa zipangizo. Wogulitsa wosakhulupirika amapyoza khadi lero n'kunena kuti feteleza abwera sabata ya mawa, kapena amampatsa mlimi ndalama yochepa m'malo mwa katundu, iye n'kukatenga yonse ku boma. Mlimi amavomera chifukwa mvula yagwa kale ndipo kunyumba kulibe ndiwo.

aTembo, Chadiza: Onjezani FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga. Chimanga chimalandiridwa chinyezi chikafika 12.5 peresenti, thumba la makilo 50, ndipo mlimi amapatsidwa lisiti yotchedwa PRCN yoti adikire nayo malipiro. Kalaliki wa depoti ndi waganyu wa miyezi yochepa, amadziwa kuti msika ukatsekedwa ntchito yatha. M'manja mwake muli zinthu zinayi: mzere, makina oyezera chinyezi, sikelo ndi masaka. Mlimi wabwera ndi ngolo, wagona pa depoti masiku angapo, akuuzidwa kuti chimanga chako n'chonyowa kapena chili ndi zinyalala. Wamalonda wobwera ndi lole amadutsa tsiku lomwelo. Chimanga chimene wabweretsacho anagula pa meda kwa alimi omwewo mu Meyi, pa mtengo wotsika, chifukwa iwo sakanatha kudikira kuti FRA itsegule msika ndiponso ilipire. Kuchedwa kwa malipiro ndiko kumadyetsa wamalonda ndi kalaliki. China choipa kwambiri ndi thumba limodzi kugulitsidwa kawiri: lalowa masana ndi lisiti, latuluka usiku, lalowanso mawa ndi dzina lina. Zimaululika pokhapokha malole akabwera kudzanyamula n'kupeza mulu sukugwirizana ndi buku, ndipo pamenepo amanamizira anankafumbwe ndi mvula.

aDaka, Petauke: Koma abale, tisaiwale njala ya wantchito. Kumayambiriro kwa ma 1990 mitengo inkakwera kuposa 100 peresenti pa chaka, malipiro a boma n'kusanduka madzi. Anthu anaphunzira kukhalira maalawansi, misonkhano ya ku loji ndi maulendo. Lero ambiri pa peyisilipi pali ngongole ziwiri kapena zitatu, chofika m'thumba n'chochepa, kumudzi akudikira. Mbuzi imadya pomwe yamangidwa.

NaZulu, Chipata: ADaka, mbuzi imeneyo ikadya msipu wokha bwenzi tili chete. Magalimoto ozimitsa moto 42 amene anagulidwa mu 2017 pa madola 42 miliyoni sanasainidwe ndi munthu wosowa ndiwo. Ku Malawi kuno pafupi, Cashgate ya 2013 inachitika ndi anthu okhala pa kompyuta za boma, akulipira makampani amene sanapereke kanthu kenako n'kufufuta zolembazo. Tisiyanitse. Pali nichekeleko wa pa rodibuloko ndi pa windo la ofesi, pali kuba kwa pa tebulo la makontrakiti. Malipiro ochepa angafotokoze woyambayo pang'ono, koma winayo ayi. Ndipo zimalumikizana: wamng'ono akaona kuti bwana wake wamanga nyumba zitatu ndi malipiro odziwika, palibe womuuza kuti asiye K50. M'malo ena wamng'onoyo amatolera kuti akaperekenso kumwamba, kuti asachotsedwe pa malo onona.

aDaka, Petauke: Pamenepo mwanena. Koma impresti ija aMbewe anatchula ndi ya apakati, osati akuluakulu okha. Lamulo limati ukabwera ku ulendo ubweze malisiti ndi chenji m'maola 48. Zimene zimachitika n'zakuti ulendo wa masiku awiri umalembedwa asanu, kapena anthu amasaina mndandanda wa msonkhano umene sunachitike, mafuta n'kulembedwa pa galimoto imene ili pa mataya akuphwa kuseri kwa ofesi. Woyenera kukana ndi wa maakaunti, koma iyenso dzina lake lili pa mndandanda womwewo.

aMwale, Kasenengwa: Ndilowe pa CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, chifukwa ndalama zazikulu tsopano zafika pakhomo pathu. Zinachoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo zakhala zikukwera. Gawo lalikulu ndi la zomangamanga, lina ndi la ngongole ndi thandizo la magulu a amayi ndi achinyamata, lina la mabasale a sukulu. Ndalama zinakula kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi, koma mainjiniya ndi ogula katundu a pa khonsolo sanachuluke choncho, makamaka m'maboma atsopano ngati Chipangali, Kasenengwa, Lumezi ndi Chasefu amene anapangidwa mu 2018.

Njira yake pa pepala ndi yabwino. Anthu amasankha chosowa chawo, komiti ya chitukuko ya wadi imapereka ku komiti ya CDF, zikavomerezedwa khonsolo imalemba BOQ (mndandanda wa zipangizo ndi ntchito zofunika), imaitana makontrakitala olembetsedwa ku PACRA (olembetsa makampani) ndi NCC (oyang'anira zomangamanga) okhala ndi kalata ya msonkho ya ZRA, kenako wopambana amalipidwa m'magawo malinga ndi setifiketi ya injiniya. Kubako kumalowa motere.

Pa BOQ, kuchuluka kwa zipangizo kumakwezedwa dala, kuti zotsalazo zikhale zogawana. Pa makotesheni atatu, onse atatu amachokera kwa munthu mmodzi, lina m'dzina la mkazi, lina la mlamu, ndipo mukayang'ana bwino mupeza nambala ya foni imodzi kapena cholakwa cha kalembedwe chofanana pa mapepala onse. Ntchito yaikulu imadulidwa tizidutswa kuti isafike pa mlingo wofuna kulengezedwa poyera. Wopambana akalandira ndalama ya poyambira, amayamba wabweza kwa amene anamuthandiza, ndiye ntchito isanayambe ndalama yaperewera kale. Kuti apezebe phindu amadya zipangizo. Thumba la simenti loyenera kuumba mabuloko a mainchesi sikisi pafupifupi 30 amalikoka kufika 50. Konkire ya 1:2:4 (simenti, mchenga, miyala) imasanduka mchenga wokhawokha. Malata a geji 28 amalowedwa m'malo ndi opyapyala a geji 32, matabwa osanyikidwa m'mankhwala, chiswe n'kulowa chaka chomwecho. Pa mjigo, amalemba mamita ambiri kuposa amene anakumba, amasiya msanga akangoona madzi a m'nyengo ya dzinja, ndiye pofika Okutobala mjigo wauma.

Chokhoma zonsezi ndi siginecha ya injiniya pa setifiketi. Koma nthawi zambiri khonsolo ilibe galimoto yopita ku malo a ntchito, ndiye amene amanyamula woyendera, kumugulira chakudya ndi kumubweza ndi kontrakitala yemweyo. Munthu sangakane khoma la amene wamukweza galimoto. Ndalama yosungidwa ya 5 kapena 10 peresenti, yoyenera kudikira kuti tione ngati nyumba ing'ambika, imatulutsidwa nthawi isanakwane.

aMbewe, Kapata: Nanga n'chifukwa chiyani phungu kapena khansala, amene tinamusankha kuti aziyang'anira, sakuwa?

aSakala, Lundazi: Werengani mtengo wa mpando wake. Kuti chipani chimutenge akhale woimira, amadyetsa makomiti kuyambira ku wadi mpaka ku chigawo. Pa kampeni pali zitenje, malaya, mafuta, achinyamata oyenda naye. Akapambana, maliro aliwonse a m'dera amafuna bokosi ndi ufa kwa iye, wodwala amafuna thiransipoti, mpingo umafuna malata. Malipiro ake sakwanira zimenezo. Amene anamuthandiza ndi ndalama ndi amalonda, ndipo amalondawo sanapereke mphatso, anabzala. Malamulo a dziko amene anasinthidwa mu 2016 ananena kuti pakhale lamulo loyendetsa ndalama za zipani, koma zaka zinapita lisanakhazikitsidwe, ndiye palibe amene ankakakamizidwa kuulula amene wamupatsa. Makada a chipani olanda misika ndi masiteshoni a basi anali malipiro a mtundu womwewo: chipani chilibe ndalama zowalipira, chimawasiyira msonkho wa khonsolo. Ovota nafenso tili momwemo, chifukwa woimira wobwera chimanjamanja timamuseka.

NaZulu, Chipata: Pali amene amati ndi chikhalidwe chathu, poti kwa mfumu supita manja ali lende. Ine ndikukana. Mphatso ya kwa mfumu imaperekedwa poyera, nduna zikuona, ndipo siigula chiweruzo. Chimene chili choona n'chakuti wantchito mmodzi amanyamula mudzi wonse, ndipo akakana kulowetsa mwana wa mlongo wake ntchito amatchedwa woipa mtima mpaka pa maliro ake. Ntchito zikakhala zochepa, ofunsira masauzande, kukondera kwa chibale kumasanduka malonda, malo a ntchito n'kuyamba kugulidwa.

aJere, Feni: Pa za malo mphatso ija yasanduka kale mtengo. Lamulo la malo la 1995 limalola malo a mfumu kusandutsidwa a lizi ya zaka 99. Pamafunika kalata ya mfumu, mapu a malowo, khonsolo ikayendere n'kutsimikiza kuti palibe wokhalapo amene akulandidwa, kenako Commissioner of Lands. Malo a mfumu sagulitsidwa mwa lamulo, ndiye ndalama imene imaperekedwa ilibe lisiti, ilibe mlingo. Lipoti la kuyendera limalembedwa pa desiki, banja lolima pamenepo kuyambira kale limadziwa tsiku limene mabikoni aikidwa. Mu tauni, kuyambira pamene Chipata inakhala mzinda mu 2017, mapuloti akwera mtengo, ndipo puloti limodzi limatha kukhala ndi makalata awiri. Ndi nkhani ya aSakala ija: mtengo wa khonsolo ndi wotsika, wa pa msika ndi wokwera, wosankha ndi mmodzi.

aTembo, Chadiza: Ku malire n'chimodzimodzi. Boma likaletsa kutulutsa chimanga kapena ufa pamene ku Malawi mtengo uli pamwamba, katundu sasiya kuwoloka, amangosiya kudutsa pa Mwami ndi pa Lusuntha masana. Amayenda pa njinga m'tinjira ta m'midzi, ndipo aliyense woima pa njira amalandirapo. Chipata chimodzi cha pa malire a Mwami ndi Mchinji chimene chinatsegulidwa mu 2022 chinachepetsa mawindo oimapo, zimenezo n'zothandiza, chifukwa windo lililonse ndi malo opemphera kanthu. Koma chinyengo cha kulemba mtengo wotsika pa invoisi, kapena kutcha katundu dzina la msonkho wochepa, chimachitika pa pepala lole isanafike n'komwe.

NaPhiri, Katete: Malamulo tili nawo ambiri. Bwanji saluma?

NaZulu, Chipata: Alipo ndithu. ACC, bungwe lolimbana ndi ziphuphu, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1980, lamulo lina linabwera mu 2012, pali lolanda katundu wopezeka mwa umbanda ndi loteteza oulula, onse a 2010, khoti la milandu ya zachuma la 2022. Vuto ndi amene amagwira chingwe. Akuluakulu a mabungwewa amasankhidwa ndi pulezidenti, ndipo lamulo la 2012 linati mlandu wa ziphuphu ufune chilolezo cha DPP, mkulu woimba milandu m'malo mwa boma. Chotsatira chake, milandu yaikulu imayamba munthu akachoka pa mpando. Pulezidenti wakale a Chiluba anachotsedwa chitetezo choti asazengedwe mlandu mu 2002 pansi pa a Mwanawasa, khoti la ku London mu 2007 linawapeza ndi mlandu wa madola 46 miliyoni, khoti la ku Lusaka mu 2009 linawamasula. Mu 2010 mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika unachotsedwa m'lamulo, mu 2012 unabwezedwa. Wakuba wanzeru amaphunzirapo kuti chofunika si kusiya kuba, koma kukhala mbali yolamula, kapena kulumphira komweko nthawi ikadalipo.

Zindikiraninso kuti nkhani zazikulu zimagwedezeka opereka thandizo akatseka mpopi. Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo la zaumoyo mu 2009. Mu 2018 Britain ndi anzake anaimitsa chifukwa cha ndalama za Social Cash Transfer, nduna n'kuchotsedwa. Mu 2025 America inadula madola 50 miliyoni a mankhwala ponena kuti mankhwala aulere akupezeka m'mafamase ogulitsa. Boma lopeza ndalama zambiri ku migodi, ku ngongole ndi kwa alendo limamva msanga mawu a amenewo kuposa a mlimi wa ku Vubwi. Ma Eurobond (ngongole za boma za pa misika ya kunja) atatu a 2012, 2014 ndi 2015 anakwana madola 3 biliyoni, tinalephera kulipira mu Novembala 2020, koma ndi angati kuno angaloze chimene gawo lawo linagula?

aMbewe, Kapata: Ndiye munthu wamba wa mu komiti ya wadi kapena ya makolo pa sukulu angagwire pati?

aMwale, Kasenengwa: Agwire mapepala ntchito isanayambe, osati khoma litang'ambika. Pemphani kope la BOQ, dzina la kontrakitala, mtengo wonse ndi tsiku lomaliza, ndipo zimenezi ziyeneranso kuoneka pa chikwangwani cha pa malo a ntchito. Sankhani anthu awiri olemba m'kabuku matumba a simenti amene afika ndi mabuloko amene atuluka. Buloko labwino likauma silifumbutuka mukalikanda ndi msomali. Onani maziko asanakwiriridwe ndi zitsulo konkire isanathiridwe, chifukwa pambuyo pake palibe angaone. Pa mjigo werengani mapaipi obowolera pamene akulowa, funsani utali wa limodzi, muchulukitse, muyerekeze ndi mamita a pa lipoti. Musasaine pepala lolandira ntchito tsiku la mwambo pamaso pa alendo, muyambe mwayendera. Ngati khonsolo ikukana kupereka mapepala, lembani kalata yosungako kope lodindidwa, mutchule lamulo la Access to Information limene linasainidwa mu Disembala 2023.

NaPhiri, Katete: Pa FISP chofanana nacho ndi mndandanda. Uwerengedwe mokweza pa msonkhano wa mudzi ndi kumatidwa pa kampu anthu asanaike K400, chifukwa akufa ndi osalima amadziwika ndi anansi awo, osati ndi kompyuta ya ku Lusaka. Koma aMwale, wolemba kabuku ka simenti uja asakhale amene mwana wake wapempha basale ya CDF chaka chomwecho. Mafomu a basale amadutsa m'komiti ya wadi yomweyo.

aMwale, Kasenengwa: Zoona amayi. Asakhalenso woumba mabuloko kapena wogulitsa mchenga kwa kontrakitalayo. Pa sukulu ndi bwino mmodzi achokere ku komiti ya makolo, wina kwa anyakwawa, ndipo kabukuko kazisainidwa ndi onse awiri tsiku lililonse katundu akafika.